Mabatire a Tochi ya Pansi pa Madzi

Kampu ya Ba Nkole,
Sinazongwe.
11 Malichi, 1990.

Wokondedwa Amake Rex,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa mwana wathu kumeneko ku Chawama. Chifuwa cha Rex chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Kungoti kutentha kwa ku Kariba n'kwina, munthu umatuluka thukuta uli chikhalire.

Masabata oyamba ndinali kupukusa chitsulo chokwezera ukonde pa rigi. Rigi ndi bwato lachitsulo lophera kapenta. Manje ntchito yasintha, n'chifukwa chake ndalemba msanga.

Pansi pa nyanja ino pali nkhalango, Ennie. Madzi a damu atabwera kale anamiza mitengo ili chiimire, ndipo mpaka lero ilipo, nthambi zake zili ngati minga. Ukonde ukakodwa m'menemo pamafunika munthu wotsika kukauwonjola. Amene ankatsika kale, Ba Mudenda, akula ndipo chifuwa sichiwalolanso. Ba Nkole, eni ake marigi, atafunsa ngati alipo wodziwa kusambira pansi pa madzi, ine ndinakweza dzanja. Kusambira kuja amayi ankandikwapulira ku maenje a miyala a ku Misisi lero kwandipatsa ntchito. Malipiro ake ndi abwinoko. Tikapirira mpaka Khirisimasi tidzamanga chipinda chachiwiri chija ndi mabuloko, chokwera pansi, kuti madzi a mvula aleke kulowa pogona mwana.

Potsika ndimavala galasi kumaso, paipi ya mpweya m'kamwa, chingwe m'chiuno. Ba Mudenda amatsala pamwamba kugwira chingwe ndi kuyang'anira makina opopa mpweya. M'dzanja ndimagwira tochi yosalowa madzi. Ukangotsika pang'ono, ngakhale masana, kuli bii. Tochi imeneyi ndiye maso anga. Ikazima ndili pakati pa nthambi, sindingaone powonjolera ukonde, ngakhale podziwonjolera ndekha. Sindikukuopseza ayi, ndifuna umvetse chabe.

Tochi ndi ya Ba Nkole, koma mabatire amagula wotsika mwini wake. Akuti kale akagawa, anthu ankathira m'mawailesi. Sitolo ya kuno ili ndi a pepala okhaokha, aja amatupa n'kuyamba kutuluka zoyera. Ndiye ndadalira iwe.

Ndatumiza kapenta kudzera mwa Bana Mutale, mayi wa ku Matero amene amaoda kuno n'kukagulitsa ku Soweto Maketi. Ugulitse, ukwere minibasi upite ku Kamwala, ulowe m'sitolo, osati pa matebulo a pamsewu. Tochi imadya anayi, ndiye ugule asanu ndi atatu, akuluakulu aja. Khungu lake likhale lachitsulo, osati pepala. Pakhale mawu awa, ufananize chilembo ndi chilembo: ALKALINE. Uwayese m'dzanja, abwino amalemera. Akhale m'pulasitiki yawo yosatsegula, onse a mtundu umodzi. Wogulitsa akafuna kukuyesera ndi kababu ka pa waya usatengeke nazo, ngakhale batire lotsala pang'ono kufa limayatsa kababu kameneko. Mtengo udzakuopsa, koma ugule.

Madzi a Rex uziwiritsa, asamwe a pachitsime chija cha kumbuyo kwa zimbudzi. Makuponi a boma ogulira unga wa nsima akatuluka usawagoneke, upite pamzere tsiku lomwelo.

Ndine mwamuna wako,
Moven.


Kampu ya Ba Nkole,
Sinazongwe.
15 Epulo, 1990.

Wokondedwa Amake Rex,

Muli bwanji nonse? Ndasangalala kumva kuti Rex wamera mano awiri ndipo akukwawa. Uzichotsa mbaula pakhomo tsopano, mwana wokwawa sasankha chogwira. Ine ndili bwino, kupatula mutu umene umandiwawa ndikatuluka m'madzi, koma akuti ndi za aliyense.

Mabatire anafika. Ennie, wagwira ntchito! Ba Mudenda anawanyamula m'dzanja, kuwatembenuza, kuwanunkhiza ngati akugula fodya, kenaka akuti, "Iwe mwaiche, mukazi wako ali na maso. Aya ndiye mabatire, osati vija va mu sitolo vopitila navo ku chimbuzi." Anthu pa rigi anaseka, ine ndinangomva kukoma.

Ndatsika nawo kangapo. Kuwala kwake n'koyera mbee, mpaka ndimaona tinsomba tikuthawa. Maukonde awiri ndawonjola osang'ambika, Ba Nkole anandigwira chanza pamaso pa anthu. Pansi pamenepo sipabwino kwenikweni. Mitengo imaoneka ngati anthu oimirira. Za ng'ona usamvere zimene amakamba pamsika, zambiri n'zabodza. Zina ndidzakuuza pamaso.

Pali lamulo limene mdala uja wandiphunzitsa, ndipo ndikulemba kuti nawe ulidziwe. Kuwala kukangoyamba kufooka ndimachotsa onse anayi pamodzi, osasiyamo ngakhale limodzi, chifukwa akale ukawasakaniza ndi atsopano amatuluka mpweya ndipo tochi imalowa madzi. Ochotsedwawo ndimagulitsa kwa anzanga a mawailesi, amalira nawo sabata yathunthu. Batire limayambira m'madzi, likatopa lipite ku wailesi. Silichoka ku wailesi kubwera m'madzi. Amati amene anaphwanya lamulo limeneli ku Chipepo sanamupeze.

Wandiuza kuti alongo ako Ba Whyson awachotsa ntchito ku fakitale, ndipo ndalama yowachotsera agulira wailesi ya kaseti ya masipika awiri kuti aziibwereketsa pa maphwando. Uwauze alamu anga kuti achita nzeru. Masiku ano amene akudikira kuitanidwanso ku ntchito adzafa ndi njala. Akabwera uziwapatsa chakudya, ndi akulu athu, anatiimira pa ukwati.

Sopo wakwera mtengo kuno kawiri mwezi uno wokha. Kumeneko kaya. Mchenga wa chipinda chija uyambe kufunsa kwa anyamata a mawilibala, koma usalipiretu. Mabatire ena ugule sitolo yomweyo, mtundu womwewo, Bana Mutale akubwera kumayambiriro kwa mwezi. Uwasunge m'sutikesi pansi pa bedi, malo ozizira, pasafike mwana.

Umupsompsone Rex.

Mwamuna wako,
Moven.


Kampu ya Ba Nkole,
Sinazongwe.
3 Juni, 1990.

Amake Rex wanga,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ndikhulupirira kuti kutsegula m'mimba kuja kunasiya. Ngati sikunasiye usadikire kalata yanga, upite naye ku kiliniki. Ine ndili bwino, chisanu chayamba, madzi akuluma.

Pali chinthu chimene sichinandisangalatse. Mabatire a ulendo uno si ofanana ndi oyamba aja. Dzina ndi lomwelo, kulemera n'komweko, koma mphamvu mulibe. Ndinatsika nawo Lachiwiri. Poyamba anawala bwino, koma ndisanamalize n'komwe theka la ntchito kuwala kunasanduka kwachikasu. Mwayi ukonde unali pafupi, ndinakoka chingwe Ba Mudenda n'kundikweza. Ndinaikamo anayi enawo, nawonso chimodzimodzi. Ntchito ya tsiku limodzi inanditengera atatu, ndipo Ba Nkole anayamba kuyang'ana kumbali polankhula nane. Alipo mnyamata wina wa ku Choma amene akuifuna ntchitoyi, tsiku lililonse amafunsa ngati sindinatope.

Sindikukudzudzula iwe ayi. Wachita monga ndinakuuzira. Ndikuganiza kuti mwini sitolo uja waona kuti ndiwe mzimayi, wakupatsa okhalitsa pa shelefu. Masiku ano katundu wakunja akusowa, ndiye anthu akufukula ndi zakale zomwe. Ba Mudenda akuti ena amalemba tsiku kunsi kwake, uziyang'ana.

Ndaganiza chonchi. Ulendo uno upite ndi Ba Whyson. Iwo za mawaya ndi mabatire amazidziwa, ndiponso mwamuna akaima pa kauntala wogulitsa amachita manyazi. Uwawerengere kalata ino yonse kuti amve zimene tochi imeneyi imandichitira pansi pa madzi. Uwauze kuti mlamu wawo wapempha. Ngati ali ndi nthawi apite okha, iwe usavutike ndi mwana kumbuyo m'maminibasi. Kapenta ndatumiza wokwanira mabatire anayi chabe, nsomba yachepa ndi chisanu. Wotsalayo mudye.

Za kicheni pate ya mng'ono wako Virginia, phwando lija la azimayi lomukonzekeretsa ukwati, ndamva. Mphatso usapikisane ndi akazi a ku Kabwata, ife si a saizi yawo. Beseni limodzi labwino ndi mapoto awiri zakwana. Chitenje chatsopano iyayi, uvale chobiriwira chija, sichinathe.

Mabuloko usagule kaye mpaka ndione mmene mwezi uno uthere.

Ndine,
Moven, atate ake Rex.


Kampu ya Ba Nkole,
Sinazongwe.
8 Julayi, 1990.

Wokondedwa Ennie,

Mtima wanga wakhala pansi lero nditalandira kalata yako. Masiku onse a chipolowe cha unga aja sindinadye bwino. Tinali kuunjikana pa wailesi kumva kuti ku Lusaka akuphwanya masitolo ndipo mfuti zikulira, ine ndikungoganiza za iwe ndi Rex m'kanyumba ka malata. Mulungu alemekezeke kuti muli moyo. Usatenge chilichonse chimene anthu akugulitsa motchipa m'komboni masiku ano, apolisi akufufuza nyumba ndi nyumba. Uwathokoze Ba Whyson chifukwa cha unga umene anakugawirani.

Mabatire anayi afika. Wati anasankha ndi Ba Whyson okha, chipolowe chisanayambe, ndipo manje ku Kamwala kulibe ngakhale limodzi. Zikomo.

Tsopano ndikufunsa chinthu, usakwiye. Nditatsegula ndinaona kuti kunsi kwa batire lililonse kuli kachizindikiro kozungulira, ngati kokandika. Ba Mudenda akuti chizindikiro chotere chimabwera ndi sipulingi, batire likakhalapo m'tochi kapena m'wailesi. Ndiponso m'mphepete mwa pulasitiki munali modera ndi mokhakhala, osati mosalala monga poyamba paja. Mdala anangoti, "Ine sinikamba kanthu, ni va ku nyumba kwako." Anandiuza kuti ndiwayese powayatsa pa rigi kwa nthawi yaitali. Koma ndikatero ndiye kuti ndawatha ndekha, ndipo ena kulibe.

Ndikufunsa chifukwa pali ntchito yaikulu. Ukonde watsopano wa Ba Nkole wakodwa pakuya, pamodzi ndi mkombero wake wachitsulo, malo amene sindinafikepo. Amangirirapo chigubu kuti pasasowe. Ndawapempha adikire mpaka Bana Mutale abwerenso, ndawauza kuti khutu likundivuta. Avomera, koma osati ndi nkhope yabwino.

Ndiye undiyankhe mwachindunji. Kodi paketi imeneyi inafika m'manja mwako yotseka? Alipo anaitsegula kumeneko? Mwina munthu anafuna kuyesa chabe, mwina magetsi a kwa aneba anazima pa maliro, zimachitika. Ngati anagwirapo ntchito, ngakhale pang'ono, ungondiuza. Sindidzakalipa, ndikulumbira pa mwana wathu. Ndidzangowauza Ba Nkole kuti sinditsika nawo, kaya andinyoze, kaya ampatse wa ku Choma uja ulendo umodzi. Ukati palibe anagwira, nditsika, chifukwa iwe sunandinamizepo.

Ufunsenso Ba Whyson dzina la sitolo.

Uyankhe pa pepala lomweli kumbuyo ngati ulibe lina.

Mwamuna wako,
Moven.


Sinazongwe.
22 Julayi, 1990.

Amake Rex,

Moni nonse. Ine ndili bwino.

Yankho lako ndalandira. Wati paketi inabwera yotseka, palibe anaigwira, inakhala m'sutikesi mpaka tsiku limene Bana Mutale anadzatenga. Wati Ba Whyson akuti zokandikazo ndi za m'makatoni pobwera pa sitima. Chabwino, ndamva. Pepa kuti ndinakufunsa funso lotere, kukhala kutali kumaganizitsa munthu zopusa. Alamu anga usawauze kuti ndinakayika.

Ndawaonetsa Ba Mudenda mawu ako. Anangopukusa mutu, koma iwo sakukudziwa iwe.

Mawa nditsika. Ukonde ukatuluka wamoyo, Ba Nkole alonjeza matumba awiri a simenti. Uyambe kufunsa mtengo wa mabuloko.

Mundipempherere.

Moven.


Kuchipatala,
Maamba.
9 Ogasiti, 1990.

Wokondedwa Amake Rex,

Usadzidzimuke ndi adiresi ili pamwambayi. Ndili moyo, ndikuyenda ndekha, ndikudya. Inu muli bwanji kumeneko? Rex wayamba kuimirira?

Ndachedwa kulemba chifukwa ndikaweramira pepala chipinda chimazungulira. Lero ndiye kwachitako bwino.

Tsiku lija ndinatsika dzuwa litakwera. Tochi inayaka mbee, mpaka ndinadziseka kuti ndinkakayikira chiyani. Ukonde ndinaupeza utakulunga mtengo waukulu, mkombero wachitsulo uja ukulendewera m'munsi. Ndinayamba kumasula nthambi ndi nthambi. Ndili pakati, kuwala kunasanduka kwachikasu. Ndinati ndifulumire. Kenaka kunafiira ngati khala la pa mbaula, kenaka bii. Ndinaigogoda pa bondo, palibe. Ndinayamba kupapasa ndi manja, ndipo ndinamasula mbali yolakwika. Chitsulo chinagwa, ukonde unandikola mwendo n'kundikokera pansi msangamsanga. M'khutu lakumanzere munamveka phu, madzi ozizira analowa m'mutu, sindinadziwenso kuti kumwamba n'kuti. Mpeni unali m'dzanja. Ndinadula ukonde wa Ba Nkole kuti mwendo utuluke. Zina sindilemba.

Ba Mudenda ndi anzanga ndiwo anandikoka. Chingwe chinamusenda mdala uja zikhatho, mpaka lero amadya ndi supuni.

Adokotala akuti m'kati mwa khutu munang'ambika ndipo muli mafinya. Akundibaya jakisoni. Ndinawafunsa kuti ndidzatsikanso liti, anandiyang'ana n'kupita pa bedi lina.

Ukonde unatayika. Ba Nkole anabwera kamodzi, anandisiyira buledi ndi shuga, za ntchito sanakambe. Ine sindinafunse.

Ennie, mwini sitolo ameneyo anatsala pang'ono kukusandutsa wamasiye. Dzina la sitolo sunandilembere. Ulendo uno usaiwale. Ndikabwera ndidzapita ndi Ba Whyson tikamuone, sindidzamumenya, ndifuna aone chabe nkhope ya munthu amene anamugulitsa mabatire akufa. Iwe usadziimbe mlandu, ndipo alamu anga uwauze asadandaule, wonama akafuna kukunamiza amakunamiza ngakhale uli wochenjera.

Usabwere kuno, ndalama ya basi igule unga. Amayi anga ku komboni ya George usawauze za madzi, uwauze kuti ndi malungo. Mabuloko aja usiye kaye.

Ndakusowani nonse awiri.

Mwamuna wako,
Moven.


Kampu ya Ba Nkole,
Sinazongwe.
26 Ogasiti, 1990.

Amake Rex,

Ndikhulupirira mwana ali bwino. Ine ananditulutsa, ndili ku kampu.

Dzulo kunabwera Bana Mutale kudzandizonda. Masiku onse amangosiya katundu n'kuthamangira kapenta, koma dzulo anakhala pansi, atanyamula malalanje. Iwo anamva kuti ndinakodwa mu ukonde, za tochi sanadziwe. Ba Mudenda analipo. Mayi uja anati andisangalatse ndi nkhani za ku tauni. Ndikulemba mmene anakambira, kuti musadzati ndawonjezera.

Akuti, "Imwe Ba Moven, kicheni pate ya mulamu wanu Virginia munaiphonya! Wailesi ya Ba Whyson inalila kuyambila masana mpaka dzuwa kulowa, osapumula. Bazimai kuvina mpaka vitenge kugwa. Bonse kufunsa ati, mabatire ya bwanji aya yosafa? Ba Whyson ati, aya ni ya mulamu wanga wa ku Kariba, ya pansi pa manzi, si ya masewela!"

Ine ndinati, "Ati a ndani?"

Akuti, "Yanu, kaili! Imwe muli na mutima wabwino, benangu sibangabweleke. Tsiku lija napita kutenga paketi yanu napeza Bamake Rex bayayanika pa malata ya nyumba, bali pa situlu, baliko kuyatembenuza monga vitumbuwa kuti yamwe dzuwa mbali zonse. Bananiuza ati nibwele mailo, yakalibe kudzala mphamvu."

Ba Mudenda anaimirira n'kutuluka. Mayi uja anandiyang'ana, akuti, "Nanga nalakwa kukamba?" Nditamuuza chimene chinazima pansi pa madzi anagwira pakamwa, anayamba kulira, malalanje anagubuduka pansi. Ine ndi amene ndinamutonthoza.

Chiyambire dzulo ndikuwerenga yankho lanu lija. Munalemba kuti inakhala m'sutikesi. Munalemba kuti palibe anaigwira. Dzanja ndi lanu, ndimalidziwa.

Ndipo ine, chitsiru, ndili pa bedi la chipatala mafinya akutuluka m'khutu, ndinali kulemba kuti alamu anga asadandaule. Ndinali kukonza zopita nawo kukakalipira mwini sitolo amene sanalakwe kanthu. Ndine ndinakuuzani kuti muwawerengere kalata yonse, amve chimene tochi imandichitira. Anamva. Inunso munamva kuyambira Malichi.

Sindikufuna kumva za Ba Whyson kaye. Ndifuna kumva kwa inu. Anatseka pulasitiki ndani? A mwezi wa Meyi aja, amene anafuna kundichotsetsa ntchito, nawonso anayamba avinitsa anthu? Mundiyankhe zimenezi ziwiri basi. Bana Mutale akuti sakufunanso kunyamula makalata athu, ndawachonderera ulendo uno wokha.

Kapenta wa mwana ali m'kathumba ka buluu.

Moven.


Kampu ya Ba Nkole,
Sinazongwe.
23 Sepitembala, 1990.

Amake Rex,

Moni. Ndamva kuti Rex wayenda. Ndasangalala. Mumugulire tinsapato ta pulasitiki, m'komboni muli magalasi osweka.

Kalata yanu yaitali ndaiwerenga yonse. Mwavomera kuti a Meyi anakalira ku shabini ya ku Kanyama Loweruka ndi Lamlungu, ndipo a Juni pa kicheni pate. Mwavomera kuti pulasitiki munamata ndinu, ndi kandulo. Mwati Ba Whyson anakuuzani kuti batire likamwa dzuwa masiku awiri limabwerera mwakale, ndipo Chawama yonse imatero. Mwati simukanatha kukaniza alongo anu amene anakulererani atate anu atamwalira, amene anakupatsani unga pa chipolowe. Mwati mwalira mpaka maso atupa.

Zimenezo ndazimva, ndipo zina ndikuzimvetsa. Inenso ndinakulira m'nyumba yoyanika mabatire pa denga. Wailesi ikafooka umangoyandikiza khutu, palibe amafa. Mwina simunakhulupirire kuti pansi pa madzi n'kosiyana. Kubwereketsako ndikanakhululuka.

Koma ndinakufunsani, Ennie. Ndinalumbira pa mwana kuti sindikalipa. Ndinakuuzani kuti mukangoti anagwirapo ntchito, sinditsika. Panalibe Ba Whyson pamene munkalemba yankho lija, mwanena nokha. Mwati munaopa kuti ndingakwiye. Ndiye munaona kuti kukwiya kwanga n'koopsa kuposa kumira kwanga. Ba Mudenda anandiletsa m'mawa uja, anagwira tochi osafuna kundipatsa. Ine ndinawalanda, ndinati mkazi wanga walemba.

Mwati tikhale pansi ndi ankhoswe. Nkhoswe yanu ndi Ba Whyson omwewo. Mlandu ndikautula kwa ndani?

Za ntchito zili chonchi. Adokotala akuti ndisadzalowetsenso mutu m'madzi. Tochi ampatsa wa ku Choma uja. Ine Ba Nkole andibwezera kopukusa chitsulo, akuti chifukwa cha mwana, ukonde wawo sadzandilipiritsa. Ndinawathokoza nditagwada. Malipiro abwerera akale aja.

Chipinda sichimangidwa chaka chino. Mchenga munagula uja muuthire m'masaka, muwasanje pakhomo mvula isanayambe. Bedi muliike pa njerwa ziwiriziwiri kuti madzi akalowa asafike pa mwana. Phula la pa malata mufunse kwa Ba Edmond a kumbuyo kwa tchalitchi, amamata bwino. Chakudya cha mwana ndizitumiza mwezi ndi mwezi monga kale, chimenecho musakayike. Wailesi ija isalowenso m'nyumba mwanga. Amayi ku George ndawalembera ndekha, tsopano akudziwa kuti sanali malungo.

Mwafunsa ngati ndibwera pa Khirisimasi. Ndibwera, ndifuna kuona mwana wanga akuyenda. Za kumene ndidzagone sindinaganize. Mwati pali zambiri zimene mufuna kudzandiuza pamaso. Chabwino, ndidzamvetsera. Koma mudzakhale kudzanja langa lamanja. Khutu lakumanzere silimvanso.

Moven Sakala.